Mpendero wa Siketi ya Almira

Amayi ambiri a m'tauni yathu ya Averill ankadziwa bwino liwombo la Zilpha Teachout kuposa nkhope yake. Si zodabwitsa. Kwa zaka makumi atatu mayiyu ankagwira ntchito atagwada pamapazi awo, mapini ali pakamwa, iwo ataimirira pa kampando n'kumayang'ana pansi. Anaona tsitsi lake likuchoka pakuda bii mpaka kuyera mbuu, koma ukawafunsa za maso ake ankayamba kukanda m'mutu. Chifukwa cha mapiniwo ankayankhula mano atalumana, mawu amodzi kapena awiri basi: "Tembenukani." "Imani njo." Anthu ankamuyesa wosakonda kucheza, pamene mayiyo ankangoopa kumeza pini.

Anabadwira m'mbali mwa ngalande, m'kanyumba ka bambo ake amene ankatsegulira mabwato zitseko za madzi. Anakwatiwa ndi Asa Teachout, wofufuta zikopa, mwamuna wanthabwala amene fungo la ntchito yake silinkamuchoka ngakhale Lamlungu. Chifuwa chachikulu chinamutenga Asa pamene mwana wawo mmodzi yekhayo, Almira, anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Zilpha analira nthawi yake, kenako anatenga sizasi. Masiku amenewo telala wamkazi ankayendera makomo. Chisanu chikamatha, komanso masamba akayamba kuyoyoka, ankakhala sabata yathunthu pabanja lililonse lopezako bwino, kuwasokera zovala za nyengo yonse. Almira anakulira pansi pa matebulo a eni ake, akusewera ndi mabatani pafupi ndi mapazi a mayi ake.

Amene analipo m'zaka za m'ma 1890 akukumbukira masiketi a nthawiyo. Siketi ya mayi waulemu wake inkayenera kukhudza pansi, kumbuyo ikukwekwereza ngati mchira. Amayi athu ndiwo ankasesa misewu ya Averill, popanda wowathokoza. Ndowe za akavalo, malovu a fodya amene azibambo ankatafuna n'kulavula paliponse, makhololo a odwala, matope a kumsika, zonsezi zinkalowa nawo m'nyumba mpaka kuchipinda. Pofuna kuti nsalu isathe, kumpendero ankasokerako lamba, kansalu kolimba kaubweya kamene kankakhula pansi m'malo mwa siketi. Lambayo akaperepeseka ankamuchotsa n'kusokerapo wina. Inali ntchito yonyansa, yothyola mawondo, ndipo atelala onse ankadana nayo. Zilpha ankadana nayo kuposa anzake, mpaka chaka chimene Almira anakwatiwa kumtunda, kwa anthu olemera.

Anamukwatira ndi Lucius Wendover, mwana wa mwini fakitale ya zikopa, atamumva akuimba kwaya. Lucius anali munthu wabwino mtima, kungoti akafuna kuyetsemula ankayamba wayang'ana mayi ake. Banja latsopanolo linakakhala m'nyumba yaikulu ya mayiwo pamwamba pa phiri.

Mayi Wendover sanamuthamangitsepo Zilpha. Anthu otere sathamangitsa munthu. Amangomuikira mafoloko atatu patebulo n'kumamuyang'anitsitsa kuti ayamba ndi iti. Zilpha anakadyako kawiri, ulendo wachitatu anati mutu ukumupweteka, ndipo sanamuitanenso. Anali asewere inde, koma panalibe amene anawaonapo atakhala mpando umodzi. Almira naye sankatha kutsikira kwa mayi ake. Mkazi wa kwa Wendover sankayenda wapansi m'matope a kungalande, ndipo ngolo ya akavalo inali ya apongozi, amene nthawi zonse ankapezeka kuti akuifuna tsiku lomwelo. Kuchokera pakhomo la Zilpha kufika paphiri panali mtunda woyenda mphindi makumi awiri, koma miyezi inkatha osaonana.

Mwayi wake, lamba sadziwa kuti uyu ndi wolemera. Amatha basi. Akatha, Almira ankatumiza kakalata, Zilpha n'kunyamula dengu lake, kukalowera khomo lakumbali limene ankalowera ogulitsa mkaka, n'kukwera kuchipinda chosokera. Chitseko chikatsekedwa, maola awiri anali awo. Almira ankakwera pa kampando, mayi ake n'kugwada.

"Wawonda," ankatero Zilpha, mapini ali pakamwa.

"Amayi, munanena zomwezo ulendo watha."

"Ndiye kuti sunanenepe. Akukudyetsa chiyani kuno? Mafoloko?"

Almira ankaseka mpaka kampando kugwedera.

"Ima bwino iwe, ndikulasa! Ukafa ndi pini adzati chiyani apongozi ako?"

"Adzati ndafa mosatsata mwambo."

Atamaliza, dzanja la Zilpha linkachedwa pang'ono pakakolo ka mwana wakeyo, ngati likufunafuna ulusi wotsalira. Ankamusowa Almira koopsa. Ankamusowa podya, poyenda, ngakhale ali pakati pa anthu kutchalitchi, kumene ankangoona kumbuyo kwa chipewa chake pa mipando yakutsogolo. Tsono lamba wabwino ankakhala miyezi itatu asanathe, ndipo miyezi itatu kwa Zilpha inali yaitali kuposa mmene akanapiririra.

Tsiku lina analowa m'sitolo ya Keziah Yost, mnzake wa paubwana, mayi wonenepa wa pakamwa posatseka amene ankagulitsa nsalu ndi ulusi.

"Ndipatse lamba wathonje uja."

Keziah anaika pansi zimene ananyamula. "Wathonje? Yemwe uja wakhala ukundinyoza naye zaka khumi, kuti ndimabera anthu? Ukusokera chidole?"

"Pima mayadi asanu."

"Ndi wa siketi ya ndani?"

Zilpha anayang'ana mabatani a m'botolo. Keziah anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaomba m'manja kamodzi.

"Aaa! Wa kumtunda! Zilpha Teachout, mfumukazi ya singano, wayamba kusoka zachinyengo! Dikira ndiwauze abusa."

"Kawauze. Nane ndikawauza zimene umathira m'tiyi wako ukati ukuchiza chimfine."

Keziah anapima mayadi asanu, pakamwa pali chete kwa nthawi yoyamba chibadwire.

Sikuti anangosintha lamba yekha ayi. Anayamba kumusokera motsikirako pang'ono, pang'ono zedi, kuti azikhula pansi pa phazi lililonse limene Almira waponda. Kakalata kanayamba kubwera pakatha masabata atatu. Zilpha, amene anali asanabwezeredwepo chovala chibadwire, ankachita manyazi akamakwera phiri. Koma ankakwera mothamanga.

Mu 1897 kunabwera dokotala wamkazi m'tauni yathu, Eudora Brower, wamtali, wa mawu ngati a mwamuna, wosaopa munthu. Anaitanitsa amayi m'chipinda chapansi cha tchalitchi, anatenga chidutswa cha mpendero wa siketi yake yomwe, n'kuchiviika m'beseni la madzi oyera. Madziwo anada bii. Anayendetsa besenilo mzere ndi mzere, amayi akutseka mphuno ndi timipango.

"Izi ndi zimene mumapita nazo kwa ana anu," anatero. "Ndaziyang'ana pa galasi langa loonera tizilombo. Chifuwa chachikulu chimene wodwala walavula pakona, inu mumachitola n'kukachikutumulira pafupi ndi bedi la mwana."

Zilpha atamva za chifuwa anakumbukira Asa, mmene ankatsokomolera atagwira khoma. Nchifukwa chake amayiwo atalumbira kuti tsiku loyamba kugwa mvula adzatuluka onse pamodzi atavala masiketi olekeza chikhatho chimodzi kuchokera pansi, ndipo atelala ena onse atayamba kuyang'ana kudenga poopa kutaya makomo a kumtunda, Zilpha ndiye anaimirira. "Bweretsani. Ndidula."

Anadula masiketi makumi atatu ndi imodzi, kuphatikizapo yake. Tauni inawapatsa dzina loti Amayi a Mvula. Ndiye ngati yachita dala, mvulayo inasowa masabata asanu ndi awiri. Masiketi anali pa misomali, akakolo ali obisika, azibambo a kometera tsitsi akusuzumira kumwamba m'mawa uliwonse.

"Sindinaonepo amuna a Averill akupempherera mvula chonchi," anatero Keziah. "Ena alibe ndi munda womwe."

Inagwa Lachinayi lina m'mawa. Mwa amayi makumi atatu ndi mmodzi aja, anatuluka khumi ndi asanu ndi anayi. Ena mitu inawapweteka mwadzidzidzi. Anayenda kuchokera kutchalitchi mpaka ku positi ofesi, dokotala ali patsogolo, Keziah ali pambuyo akuwefuka ndi kubweza chipongwe chilichonse chimene chinkachokera m'makonde. Wina anakuwa kuti, "Mayi Yost, miyendoyo ndi yanu kapena mwabwereka ya tebulo?" Keziah anayankha kuti, "Ndi yanga, achimwene, ndipo imandifikitsa kwathu osadzandira. Yanu bwanji?"

Zilpha sanamve zambiri. Chimene chinamudabwitsa chinali dzanja lake lamanzere. Moyo wake wonse, mvula ikamagwa, dzanja limenelo linkagwira siketi m'mwamba, linalo ambulera. Tsikulo linangolendewera lopanda ntchito, ndipo sanadziwe choti achite nalo. Akudutsa pa banki anaona ngolo ya kwa Wendover itaima, nkhope ya Almira ili pawindo, ikuwatsatira ndi maso mpaka anakhota.

Walira mvula walira matope. Abusa analalikira za kudzichepetsa Malamlungu awiri otsatizana, ndipo makomo atatu a kumtunda anasiya kumuitana Zilpha. Kwa Wendover kokha sanamusiye, chifukwa Almira, ngakhale anali wamanyazi, anauza apongozi ake kuti palibe dzanja lina limene lidzakhudze zovala zake. Choncho Zilpha anakhala munthu wa ntchito ziwiri. M'mawa ankafupikitsa masiketi a ana a eni ake kuti asatole matenda. Masana ankakwera phiri kukatsitsa mpendero wa mwana wake kuti usese bwino msewu.

"Ana a anzako ukuwavuula m'matope, wako ukumumiza," anamuuza Keziah tsiku lina, ndipo ulendo uno sankaseka.

"Ndikudziwa."

"Nanga?"

"Ukufuna ndizimuona kuti? Kumaloto?"

Nthawi imeneyi Almira anali ndi mwana wamkazi, Lettie, amene anayamba kukwawa chisanu cha chaka chotsatira chikutha. Tsiku lina masana Zilpha atagwada monga mwa masiku onse, akuchotsa lamba wakutsogolo, anamva kakuseka kuseri kwa siketi. Atasuzumira anapeza Lettie atagwira lamba wakumbuyo, woperepeseka uja, wonyowa ndi za mumsewu, akumuyamwa ndi nkhama zake mokondwa.

Zilpha analavula mapini pansi. Anamukwatula mwanayo, n'kumupisa chala m'kamwa. Chalacho chinatuluka chakuda. Anapukuta, anapisanso, anapukutanso, Lettie akulira ndi mkwiyo wolandidwa chakudya.

"Ndine ndachita zimenezi," anatero. "Almira, ndine. Lamba ameneyu ndi wachabe, wathonje. Ndimamusokera pansi dala kuti..."

"Ndimadziwa, Amayi."

Zilpha anadzutsa mutu.

"Ndine mwana wa telala. Mumaganiza kuti sindingasiyanitse thonje ndi ubweya?" Almira anatsika pa kampando n'kukhala pansi pomwepo, siketi itamwazika mbali zonse. "Akamachedwa kutha, ndimapita kuseri kwa khola la akavalo kumene kuli miyala, n'kumayenda uku ndi uku. Wosamalira akavalo amayesa ndikupemphera."

Anayang'anizana. Anayamba kuseka, kuseka kwake koipa kotsagana ndi misozi, Lettie ali pakati pawo akudabwa kuti agogo ndi amayi agwidwa ndi chiyani.

Kenako Almira anapukuta m'maso. "Dulani, Amayi. Ndakhala ndikufuna chidutsireni inu pa banki paja."

Zilpha anatola mapini aja pansi. Funso limene anafunsa linamuchititsa manyazi, koma analifunsabe. "Ndikadula, ndizibwera kudzatani kuno?"

"Simuzibwera. Ndizibwera ine, ndi miyendo yangayi."

Sanadule siketi yakaleyo. Anasoka yatsopano. Anasankha nsalu yaubweya yotuwa, yolimba kuposa zonse zimene Keziah anali nazo, anaikako matumba awiri akuya ngati a jekete ya mwamuna, ndipo msoko uliwonse anaudutsa kawiri, wina katatu. Anasoka ngati munthu wolapa. Inamutengera masiku asanu ndi anayi, ndipo Keziah ataitembenuza kuti aone mkati anapukusa mutu n'kunena kuti imeneyi ndi yoti munthu adzaikidwe nayo m'manda.

Almira anasunga mawu ake. Lachiwiri lililonse ankatsika phiri wapansi, akukankha chikuku cha Lettie, anthu akusuzumira m'mawindo. Apongozi ake anakhala mwezi wathunthu osamuyankhula, chimene Almira anati chinali mpumulo. M'khitchini ya Zilpha ankadya nyemba zophikira nyama ya nkhumba ndi chitumbuwa cha maapozi, foloko imodzi aliyense. Apa mpamene Zilpha anaiona bwino nkhope ya mwana wake atakula, atakhala moyang'anizana, osati kuchokera pansi. Anapeza kuti akamaganiza amakwinya pamphumi ngati Asa. Pa moyo wake wonse, chilimwe chimenecho ndicho chinali chokoma kuposa zonse, ndipo iye anadziwa zimenezo chilimwecho chisanathe.

Koma miyendo ikamasuka siilekeza pamene mwini sizasi akufuna. Almira anagula njinga. Anayamba kuperekeza dokotala Brower m'makomo a anthu a kufakitale, akubwerako ndi nkhani za atsikana oima maola khumi ndi awiri ndi ana ogona asanu bedi limodzi. Anayamba kuyankhula pamisonkhano, ndipo tonse tinadabwa kuti mawu onsewo ankawasunga kuti. Lachiwiri lina ankadumpha, lina n'kufika mochedwa, matumba aja atadzaza mapepala. Zilpha ankanyadira, ankamvetsera, ankamuwonjezera nyemba. Mumtima ankaona kumene zikupita.

Zinaphulika Almira atatchula pamsonkhano fakitale ya apongozi ake aamuna. Kuphiri kunayaka moto. Ndipo Lucius, kwa nthawi yoyamba, anachita chinthu osayang'ana mayi ake. Anapeza ntchito ku Chicago, kumene amayi ena anali atamuitana kale Almira kuti akagwire nawo ntchito yoyendera mafakitale. Munali mu 1900.

"Tipite tonse, Amayi," anatero Almira m'khitchini muja. "Kuli chipinda chanu."

Tsono kwathu kuno munthu woleredwa bwino savomera koyamba, ngakhale chidutswa cha chitumbuwa. Umakana, akukakamize, ukanenso, kachitatu ndiye n'kunena kuti chabwino poti mwalimbikira. Zilpha analeredwa bwino.

"Ine ku Chicago? Ndikatani? Manda a bambo ako adzalambula ndani? Ayi, mwanawe, pitani nokha."

Anakhala akudikira kuti amupemphe kachiwiri, m'mutu atayamba kale kusankha zoti alongedze. Koma Almira anali ataphunzira kumisonkhano kuja kuti mayi akati ayi, ndiye kuti ayi, ndipo asakakamizidwe. Anagwira dzanja la mayi ake, misozi ili m'maso, n'kunena kuti, "Ndamva, Amayi. Sindikuvutitsani." Zilpha anatsegula pakamwa, anatsekanso. Kunyada ndi matenda oipa, ndipo ine ndimati pamenepa mayiyu analakwa kuposa pa nkhani ya lamba ija.

Pa siteshoni Almira anavala siketi yotuwa ija. Sitima itatsala pang'ono kunyamuka anaimenya pantchafu n'kuseka. "Ikadzangong'ambika ndidzabwera nayo kuno. Palibe wina adzaigwire." Iye ankanena nthabwala yoti asalire. Zilpha anatenga mawuwo ngati lumbiro, ndipo atafika kunyumba anafunafuna chidutswa cha nsalu yotuwa chimene chinatsala, n'kuchisunga kuti chidzakhale chigamba.

Almira sanali mwana woipa, wina asatero. Makalata ankabwera mwezi uliwonse, aatali, odzaza nkhani. Chaka chilichonse ankalemba kuti chilimwe chino tibwera, ndipo chilimwe chilichonse kunkagwa china: atsikana osoka malaya anyanyala ntchito, Lettie wadwala chikuku, kwabadwa mwana wachiwiri, lamulo latsala pang'ono kudutsa ndipo akufunika. Zonse zinali zoona. Zilpha naye ankayankha kuti kuno tili bwino, usadzivute, ulendo ndi wautali. Mawu oti bwera sanawalembe ngakhale kamodzi.

Zaka zinapita, masiketi anakwera okha. Atsikana a kusukulu, akazi a abusa, mpaka Mayi Wendover amene, onse anayamba kuyenda nsapato zili poyera, ndipo ukawafunsa ankati ndi fasho yochokera ku mizinda ikuluikulu. Za amayi khumi ndi asanu ndi anayi amene anasekedwa mumvula, panalibe wokumbukira. Zilpha sizinkamukhudza. Maso ake anali atayamba kuchita khungu, ulusi sunkalowanso pasingano, mawondo anakana kugwada. Ankakhala pakhonde la sitolo ya Keziah masana, akuwerengera m'mutu mmene siketi imathera. Imayambira pakamwa pa thumba, ankatero, makamaka kwa munthu wokonda kuikamo mapepala. Ikapanda apo, kumbuyo, chifukwa cha chishalo cha njinga. Nsalu ndi nsalu, siingakhale mpaka kalekale.

Kalata ya mu Okutobala 1909 anamuwerengera ndi Keziah, monga ankachitira tsopano, pakhonde pomwepo dzuwa likuwomba. Keziah ankawerenga mokuwa ngati akulengeza pamsika, akuikamo ndemanga zake.

"Akuti Lettie watalika kumuposa. Ee, adya bwino kumeneko. Akuti Lucius wameta ndevu. Anachedwa. Tsono tamvera apa, Zilpha, apa ndi pako." Anakonza magalasi. "'Amayi, siketi yanu ija yatchuka. Sabata yatha ndinayankhula pamaso pa amayi mazana anayi za zovala zoyenera mkazi wogwira ntchito. Ndinakwera pa mpando, n'kuwaonetsa mpendero, n'kuwauza kuti siketi iyi ndaivala zaka khumi ndi chimodzi, mumvula, pa njinga, m'mafakitale, ndipo sinalowepo singano chiisokereni. Ndinawauza kuti anasoka ndi mayi anga, Zilpha Teachout wa ku Averill, amene anadula masiketi a tauni yonse pamene ena ankaopa. Anaimirira onse, Amayi, n'kukuomberani m'manja. Ndinalira.'"

Keziah anatsitsa kalatayo, nayenso m'maso muli misozi. "Wamva? Mazana anayi! Iwe amene unkalowera khomo la ogulitsa mkaka!"

Zilpha anali atatsamira kutsogolo, manja ali pamawondo.

"Bwereza pamene akuti singano."

Keziah anabwereza.

"Sananene za thumba? Pakamwa pa thumba lakumanja?"

"Sananene."

"Kumbuyo? Yang'ana kuseri kwa pepalalo, mwina walemba kumeneko."

Keziah anatembenuza pepala. "Kuno kuli moni basi. Akuti ili ngati yatsopano, Zilpha. Akuti ikhala zaka zina khumi. Wakutamanda mwanayu, sukumva?"

"Ndamva," anatero Zilpha. Anabwerera m'mbuyo pa mpando wake pang'onopang'ono, n'kuyang'ana manja ake, ngakhale sankawaonanso bwino. "Ndinadutsa kawiri msoko uliwonse, Keziah. Wina katatu. Iwe unalipo. Bwanji sunandiletse?"